Kwa mdzukulu wanga wofufuza maina a makolo athu

Mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti wayamba kulemba mbiri ya banja lathu, koma maina ena ukuchita nawo manyazi. Chonde usafufute ngakhale limodzi.

Tinachoka ku Katete kubwera kuno ku Kafue m'zaka za m'ma 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ndi ya nsalu ya Kafue Textiles zinkalemba anthu ntchito. Tinasiya manda kumudzi, ndipo ana obadwira kuno tinawapatsa maina a Chingerezi. N'chifukwa chake maina akalewa akukudabwitsa.

Agogo anga anali a Malizani. Amayi awo anali ataika ana angapo motsatizana, ndiye pomutcha mwanayo ankalankhula ndi amene ankawaganizira kuti akuwadyera ana: malizani ndi uyu yemwe. Mawu amene mkazi sakanatha kunena pabwalo ankawanena tsiku lililonse poitana mwana wake. Misozi, Mwatitha ndi Masauso ndi maina a mtundu womwewo. Ukakumana nalo lotere, funsa kuti pamudzipo panagwa chiyani chaka chimenecho. Nthawi zambiri udzamva za maliro, njala kapena mlandu, ndipo udzapeza abale amene palibe buku linawalemba.

Mapepala usamale nawo. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la ubwana, lina la kuchinamwali, lina la ubatizo, kenaka la kuntchito, monga Fosholo kapena Supuni, lobwera nalo kumigodi. M'kaundula wa mpingo wa Reformed, monga ku Nyanje kumene mishoni inayamba mu 1905, udzapeza la ubatizo. Pa reji, chiphaso cha boma, pali limene mwiniwake anauza kalaliki tsiku limenelo. Kalembedwe nakonso kamasokoneza: Mabvuto wa ku Zambia kuno ndi Mavuto yemweyo wa ku Malawi.

Ndipo Naphiri kapena Nabanda si dzina la mayiyo ayi, ndi mfunda wake. Zimandiwawa kuti amayi ambiri a kwathu anamwalira adzukulu awo osadziwa maina awo enieni, chifukwa ulemu sunkalola kuwatchula.

Ukapita kumudzi pa nthawi ya mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, ukakhale pansi ndi azakhali ako aakulu. Pa dzina lililonse ukafunsenso kuti anamutcha mwanayo ndani, poti wotcha ankakonda kupereka dzina lake lomwe kapena la mbale amene anatisiya. Ukalembe m'kope, udzandiwerengere.

Ndine agogo ako,
ku Kafue