Nyerere ndi Mtengo Wake

Ambiri a ife tinakulira pansi pa mitengo ya mango, ndipo mzukira timaudziwa bwino. Ndi nyerere zofiira zija zimene zimalumikiza masamba n'kupanga chisa, ndipo wokwera mumtengo mosasamala zimamutsitsa msanga. Kwa mwana, mzukira ndi mdani. Kwa mtengo, ndi mlonda: umadya mbozi ndi kupirikitsa ntchentche zoononga zipatso, ndipo mtengowo umaupatsa pokhala. Alimi a ku China anazindikira izi kalekale. Buku lina la m'chaka cha 304 limanena za anthu ogulitsa zisa za nyerere zamtunduwu kwa eni minda ya malalanje.

Kuno ku Dubai ubale wotere timauona pakhonde pomwe. Amene timadzala tomato kapena tsabola m'zitini miyezi yozizira taonapo nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu. Mukatembenuza tsamba mupeza nsabwe zobiriwira. Nsabwezi zimayamwa madzi a mbewu n'kutulutsa timadzi totsekemera, nyerere zimamwa timadzito, ndipo polipira zimathamangitsa tizilombo todya nsabwezo. Zili ngati mbusa ndi ng'ombe zake za mkaka.

Koma nkhani imene yatipatsa maganizo ndi ya ku Laikipia, m'dziko la Kenya. Kumeneko kuli mtengo waminga, wa mtundu wa mthethe, umene minga yake imatupa patsinde n'kukhala tinyumba ta nyerere. Umazitulutsiranso timadzi tozuna. Njovu ikati idye masamba, nyerere zimailuma chitamba mpaka imachoka. Mu 1995 akatswiri anatchinga malo ena ndi mpanda kuti njovu ndi nyamalikiti zisalowemo. Mu 2008 a Todd Palmer ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza. Adani atasowa, mitengo inachepetsa tinyumba ndi timadzi tija. Nyerere zolondera zinachepa, m'malo mwake munalowa zina zosateteza, zimene zimakhalira limodzi ndi tizilombo toboola thunthu. Mitengo imeneyo inkakula mochedwa, ndipo yambiri inafa.

Apa tikuona kuti mtengo sumadyetsa nyerere chifukwa cha chifundo. Umazidyetsa chifukwa ukuzifuna.

Abale ndi alongo, ifenso tili mumtengo wa eni. M'dziko lino anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi obwera. Ife anamwino timagona m'mawodi, ena amalondera, ena amaphika, ena amalera ana. Dziko limatipatsa malipiro amene amangira makolo nyumba za malata ndi kulipirira ana sukulu kumudzi. Palibe wobera mnzake, ndipo sitiyenera kuyenda mozyolika ngati opempha. Komabe viza ya ambiri a ife imadalira ntchito. Chuma chitagwedezeka mu 2009, komanso mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito n'kulongedza katundu. Pa mliri womwewo anamwino tinkafunidwa usana ndi usiku, pamene anzathu a m'mahotela anali pakhomo. Kufunika kwa munthu kumasintha ndi nyengo. Akulu anati mlendo ndi mame.

Choncho tisadye ndalama zonse, ndiponso tisatumize zonse. Tiwauze achibale kumudzi mosabisa kuti kuno kontirakiti imatha. Amene tili ndi malayisensi a ntchito tiziwasamala asathe mphamvu. Inu ana athu a sukulu, malizani maphunziro ndipo sungani mapepala anu bwino, chifukwa luso limayenda ndi mwini wake kulikonse.

Pomaliza, nyerere imodzi singabweze njovu. Zimatheka chifukwa zimatuluka zambiri nthawi imodzi. Mnzathu akachotsedwa ntchito, akagonekedwa m'chipatala, kapena pakagwa zovuta zofunika kutumiza thupi kumudzi, abwana sadzatiyendetsera zonse. Tidzayendetsa ndife. Chopereka cha pamwezi ku bungwe lathu tisachione ngati msonkho, ndipo amene wangofika kumene timulembetse msanga, mavuto asanamupeze ali yekha.