Mount Moreland: komwe anamzeze amagawana mlengalenga ndi ndege

Mount Moreland ndi kamudzi ka pachitunda, kumpoto kwa mzinda wa Durban m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Kamudzika kazunguliridwa ndi minda ya nzimbe, ndipo kumunsi kwake, kufupi ndi mtsinje wa Mdloti, kuli dambo la bango lomwe eni dera amalitcha Lake Victoria ngakhale kuti si nyanja. Masana dambolo silikopa maso a munthu wodutsa. Ulemerero wake umaoneka dzuwa likapendeka.

Kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo, anamzeze amasonkhana pamwamba pa damboli madzulo aliwonse. Amayamba ochepa, kenaka amachuluka mpaka kuoneka ngati utsi wa lupsa, uku akuzungulira ndi kulira. Mdima ukamagwa amatsikira m'bango gulu ndi gulu, ndipo posakhalitsa kumwamba kumangoti zii. Mbalamezi zimaswera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo zimathawa chisanu cha kumeneko n'kuuluka makilomita zikwizikwi kudzadya tizilombo kuno kum'mwera. Ndi mtundu womwewo umene alimi a ku Malawi ndi ku Zambia amauona ukuuluka chapansipansi m'minda nyengo ya dzinja. Cha m'ma 2006, akatswiri a mbalame ankayerekeza kuti anamzeze ogona m'damboli ankafika 3 miliyoni.

Nkhawa inabuka pamene boma linatsimikiza zomanga bwalo latsopano la ndege la King Shaka pamalo otchedwa La Mercy. Damboli lili pamtunda wosakwana makilomita 3 kuchokera pomwe msewu wa ndege umathera, ndiponso lili pansi penipeni pa njira yomwe ndege zimadutsa potera ndi ponyamuka. Paja walira mvula walira matope: chigawochi chinkafuna bwalo lalikulu mpikisano wa mpira wa World Cup wa 2010 usanayambe, koma bwalolo linadza ndi funso la chitetezo cha anthu komanso cha mbalame.

Namzeze amalemera pafupifupi magalamu 20 okha, kotero wina angadabwe kuti kambalame kotere kangaopseze bwanji chimphona cha ndege. Chinsinsi chagona pa liwiro ndi kuchuluka. Ndege yaikulu imanyamuka ikuthamanga makilomita oposa 250 pa ola, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugundana imawirikiza kanayi. Mbalame ikhoza kuswa galasi la oyendetsa, kuphwanya mphuno ya ndege kapena kubenthula phiko. Choopsa kwambiri ndi injini, yomwe imakoka mpweya mwamphamvu n'kumeza chilichonse chili kutsogolo kwake. Mbalame zikalowamo zambiri, zitsulo zopukusa mpweya zimapindika kapena kuthyoka, ndipo injini imatha kuzima. Kugundana kwambiri kumachitika ndege ili pafupi ndi nthaka, nthawi yomwe woyendetsa amakhala alibe mpata wokwanira wokonza zinthu.

Africa anaonapo kale zowawa za ngozi yotere. Pa 15 Sepitembala 1988, ndege ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa Boeing 737 inagundana ndi gulu la nkhunda zakutchire ikunyamuka ku Bahir Dar, m'mphepete mwa nyanja ya Tana. Injini zonse ziwiri zinafa, ndegeyo inagwa ndi kuyaka moto, ndipo anthu 35 mwa 104 anamwalira. Ku New York, pa 15 Januwale 2009, atsekwe anazimitsa injini zonse za ndege ya US Airways. Woyendetsa wake, Chesley Sullenberger, anaitereza pamtsinje wa Hudson ndipo anthu onse 155 anapulumuka. Ngakhale pamene sipanafe munthu, ndege yogundidwa imaimitsidwa kuti iunikidwe, maulendo amachedwa, ndipo kukonza injini kumadya ndalama zankhaninkhani.

Njira yachidule ikanakhala kuotcha bango ndi kuumitsa dambo. Koma anthu a ku Mount Moreland pamodzi ndi bungwe la BirdLife South Africa anaumirira kuti malowo atetezedwe, pakuti anamzeze ndi abwenzi a mlimi amene amadya tizilombo touluka tosawerengeka, komanso m'madambo a m'derali mumakhala kachule kosowa kwambiri kotchedwa Pickersgill's reed frog. Zokambirana zinabala nzeru ina. Kampani yoyendetsa mabwalo a ndege m'dzikolo, ya ACSA, inaika makina a radar oyang'ana mbalame. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kafukufuku anaonetsa kuti nthawi zambiri anamzeze amauluka m'munsi mwa njira ya ndege, ndiponso kuti amasonkhana kwa kanthawi kochepa, m'mamawa ndi madzulo. Ntchito ya makinawo inakhala yochenjeza oongolera ndege pamene gulu lakwera pamwamba kwambiri. Bwalo linatsegulidwa pa 1 Meyi 2010 bango lili chiimire.

Nkhani ya kamudzi aka ikuonetsa kuti ngozi ya mumlengalenga imayambira pansi. Mbalame sipita kubwalo la ndege popanda choikoka. Imatsata chakudya, madzi ndi pogona. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'mabwalo amasamala kutalika kwa udzu, amakwirira zithaphwi, ndipo mabwalo ena a ku South Africa anaphunzitsa agalu a mtundu wa border collie kupirikitsa mbalame popanda kuzipha.

Komabe mpanda wa bwalo suletsa chouluka. Mtaya wa zinyalala, malo ophera nyama, madamu a nsomba ndi mbewu zotayika pokolola zimaitana akhwangwala, akakowa, nkhunda ndi mbalame zina zikuluzikulu, zomwe imodzi yokha imalemera kuposa anamzeze ambirimbiri. Malangizo a bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse, la ICAO, amati malo okopa mbalame omwe ali mkati mwa makilomita 13 kuchokera pabwalo aziunikidwa mosamala. M'dera lotere mumakhala midzi, misika ndi minda ya anthu wamba. Choncho komiti ya chitukuko ikamasankha pokumba dzala kapena pomanga malo ophera ng'ombe pafupi ndi bwalo la ndege, ndi bwino kuitana akuluakulu a bwalolo kumsonkhano khasu lisanagwe pansi.