Ulendo wa ku Ukwimi

Tinanyamuka ku Petauke m'mamawa, kulowera kumpoto pa mseu wafumbi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinali ku Ukwimi. Mlendo wofika lero amangoona minda ya cimanga ndi nshawa, osadziwa kuti malowa anatsegulidwa mu 1987 kuti alandire abale athu othawa nkhondo ku Mozambique.

Pansi pa mtengo wa mango tinaceza ndi agogo ena amene anali azamba masiku amenewo. Anatikumbutsa kuti mimba siidikira kuti mfuti zileke kulira. Pakati pa othawawo panali amai amene anacirira m'thengo, popanda ngakhale nsalu yofunditsa khanda.

Tsoka likagwa, maganizo athu amathamangira ku ufa, madzi ndi matenti. Koma mwa amai apakati 100 alionse, pafupifupi 15 amakumana ndi zovuta zofunika cipatala, monga kutaya magazi ambiri kapena mwana kukhala mopingasa. Pa cifukwa ici, mabungwe othandiza pa ngozi masiku ano amagawa timatumba tokhala ndi sopo, pepala la pulasitiki, lezala latsopano ndi ulusi womangira mcombo. Zinthuzi n'zazing'ono ndithu, koma lezala lakale lingathe kupatsa khanda matenda a kafumbata.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, othawa ambiri anabwerera kwao, ana obadwira kuno ali kumsana. Lero anawo ndi makolo. Pobwerera ku Petauke tinadzifunsa kuti: kodi tsoka litagwa m'mudzi mwathu usiku uno, ndani angakumbukire mai amene tsiku lake lakwana?