Za Uzimba Wopanda Nyama

Mvula ya cizimalupsa inagwa usiku wa Lacisanu, ndipo m'mawa mwace ndinaimika mkondo wanga kuseri kwa citseko, usanalawe mwazi caka cino. Kuyambira mwezi wa August, potentha udzu, ndinatuluka kuuzimba Loweruka liri lonse pamodzi ndi mbale wanga ndi agaru atatu. Koma gwape tinamuona kamodzi kokha, nalumpha khwawa, natisiya kukamwa kuli yasa.

Ndibvomere kuti manyazi anandigwira. Amai a kunyumba analeka kufunsa, namangophika nyemba. Ana a sukulu anandilonjera mwaulemu woposa, ndipo ndinadziwa kuti alikuseka. Poyamba ndinatsutsa agaru. Koma pobwera tsiku lotsiriza ndinaona minda pamalo pamene atate anga anali kuchera ukonde, ndi ng'anjo za makala pamene panali misuku. Ngakhale Dzalanyama, dzina lace liposa nyama zace. Nanga gwape abisale kuti?

Tsono, owerenga anzanga, ndiloze yani cala? Moto uja tinayatsa ndife. Gwape wondithawayo sindimlira ai. Ndifuna kuti mwana wanga adzaone phazi lace pamatope, angamdziwe m'nthano mokha.