Malupanga a Ajapani

Adzukulu athu kuno ku Chikwawa amenya nkhondo pa foni, nasankha lupanga la Mjapani monga munthu asankha mlamba padooko. Ine sindikondwera nao masewerawo. Pakuti m'chaka cha 1944 amuna a Nyasaland, asilikali a King's African Rifles, anakomana ndi malupanga omwewo ku Burma, ali m'manja mwa akazembe a Ajapani, pamodzi ndi mfuti za Arisaka zokhala ndi mpeni wautali kumphuno. Anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili mkati, matope m'maondo, udzudzu wonga wa dambo lathu la Elephant Marsh, ndipo malungo anagwetsa ambiri. M'December anafika kumtsinje wa Chindwin. Maina a ena analembedwa pamiyala ya chikumbutso ku Taukkyan, popeza manda ao sadziwika.