Malonje a Mlembi

Adzukulu, mwambo wa makolo umati mlendo akafika pakhomo sapanikizidwa ndi mafunso ali chiimire. Amayamba walandiridwa katundu, wayalidwira mphasa, wamwa madzi, kenaka mwini khomo amapempha malonje. Apo mlendo amafotokoza kumene wachokera, mmene wawasiyira akumudzi, zimene wakumana nazo m'njira ndi chimene wadzera. Mwambo umenewu ngwofunikanso pocheza ndi munthu amene wangotulutsa buku, monga mmene mtsikana wina wa Fomu 3 anaphunzirira.

Mtsikanayo ngwa m'mudzi wina kufupi ndi Nkhoma. Mphunzitsi wake wa Chichewa anamtuma kuti akacheze ndi mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nawo, amene anali atangosindikiza kabuku ka miyambi. Mkuluyo anali mlangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pa ntchito anagulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza kuti alipire osindikiza mabuku ku Lilongwe. Madzulo ake mtsikanayo analemba mafunso m'kope, akutsanzira zimene amamva pa wailesi: bukuli lili ndi masamba angati, linatenga nthawi yaitali bwanji, likugulitsidwa ndalama zingati, likupezeka kuti.

Agogo ake aakazi, amene sadziwa kuwerenga, anamuuza kuti awawerengere mafunsowo. Atamva anapukusa mutu nati, "Mdzukulu wanga, awa ndi mafunso a pamsika. Munthu wamkulu ukamfunse malonje. Miyambi siimera yokha ngati bowa. Ukamfunse kuti anamuuza ndani."

M'mawa mwake mtsikanayo anafika kwa mkuluyo, naodira, nagwada pomupatsa moni. Anakhala pakhonde, mayi a pakhomopo nabweretsa thobwa. Mafunso a m'kope sanachedwe kutha, pakuti mkuluyo anali atawayankha kale kangapo kwa anthu ena, ndipo mayankho ake ankangotuluka ngati oloweza. Mtsikanayo atatsala pang'ono kutsazika anakumbukira mawu a agogo ake.

"Agogo, pepani ndifunse nawo. Miyambi yonseyi anakuuzani ndani?"

Mkuluyo anakhala chete nthawi ndithu, akutembenuza kabukuko m'manja. Kenaka anayamba kufotokoza, ndipo liwu lake silinali lija loloweza. Anati ina anaimva pabwalo la milandu ali mnyamata, ina pamaliro, ina kwa alimi amene ankawayendera pa njinga. Koma yambiri anaimva kwa amayi ake, pamtondo, kumunda ndi pamoto usiku.

Anatsegula tsamba lina nawerenga mwambi woti "Mlendo ndi mame." Pansi pake analemba tanthauzo m'mizere iwiri yokha: mlendo sakhalitsa, choncho ngwofunika kumsamala. "Tanthauzoli nzoona," anatero mkuluyo, "koma si mmene ndinauphunzirira. Usiku wina kunabwera munthu wapaulendo amene sitinkamdziwa. Amayi anandilanda mphasa ndi bulangete nampatsa iyeyo, ine n'kukagona pachiguduli kukhitchini. Ndinadandaula mpaka kulira. Amayi anangoti mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka sudzamuonanso, koma adzapita ndi mbiri ya khomo lino. Kutacha ndinapezadi mphasa yanga itapindidwa bwinobwino, munthu atapita kale."

Atanena izi anabwerera kumasamba oyamba, pamene wolemba amathokoza omuthandiza. Panali dzina la mnyamata amene anamtaipira pa kompyuta, la mnzake amene anakonza zolakwika, ndi la osindikiza. Dzina la amayi ake panalibe. Mkuluyo anavula magalasi napukuta m'maso. "Mwana iwe, wandifunsa chimene sanandifunse munthu aliyense. Amene anandipatsa bukuli ndawasiya panja. Madzi akatayika saoleka."

Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti madzi amenewa sanatayike onse, popeza wowadziwa amayiwo adakali moyo. Anapempha dzina lawo ndi mfunda wawo, nalemba m'kope pamodzi ndi mudzi umene anabadwira.

Zitatero mkuluyo analowa m'nyumba natuluka ndi mabuku akale amene amasunga m'sutikesi. Pamwamba panali a Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma yomweyo. Buku la Ntara lotchedwa Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi pa mutu woti Man of Africa. Ntara analembanso Msyamboza, mbiri ya mfumu ina ya Achewa, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1949, komanso Mbiri ya Achewa, imene inamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Mbiri imeneyi Ntara anaisonkhanitsa pomvetsera kwa akuluakulu amene ankasunga nkhani za Kalonga ndi za mafumu m'mitu mwawo. Pansi pa mabukuwo panali Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ndi buku la Bambo Joseph Chakanza la miyambi 2,000 ya Chinyanja limene linatuluka m'chaka cha 2000.

Mkuluyo anati ali mwana ankaganiza kuti anthu amenewa anabadwa ndi nzeru zonsezo. Atalemba lake ndi pamene anazindikira kuti pachikuto pamakhala dzina limodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Kumbuyo kwa mwambi uliwonse kuli munthu amene anaunena, tsiku limene anaunenera ndi vuto limene linachititsa kuti aunene. Wosonkhanitsa amatenga mawu ndi tanthauzo, chifukwa mapepala ngokwera mtengo ndipo masamba amakhala owerengeka. Zina zonsezo zimatsala m'mutu mwake, ndipo akapanda kufunsidwa amapita nazo kumanda. Ntara anamwalira mu 1976. Lero palibe angakhale naye pakhonde n'kumufunsa kuti mkulu wakuti anali wotani, anaseka pati kapena anakana kunena chiyani.

Apa ndi pamene pagona phindu la kucheza ndi mlembi buku likangotuluka. Mtengo ndi chiwerengero cha masamba munthu atha kuzipeza kusitolo popanda kuvutitsa mwini wake. Chimene mlembi yekha angapereke ndi malonje: kumene anayenda, amene anamlandira, zimene anazisiya ndi chifukwa chake anazisiya. Nthawi yabwino yofunsira ndi yomweyo, zinthu zisanazilale m'maganizo mwake, komanso mwayi wokonza udakalipo. Safunsa anadya phula, koma naye wofunsa mothamanga amabwerako ndi gaga, ufa ataisiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkuluyo analonjeza kuti kabukuko kakadzasindikizidwanso, dzina la amayi ake lidzakhala patsamba loyamba, ndipo pansi pa miyambi ina adzaonjezera amene anamuuza. Ndalama zosindikizira kachiwiri sanazipezebe. Koma tsiku lomwelo anatenga cholembera nalemba dzinalo m'makope onse amene anatsala m'katoni, limodzi ndi limodzi, mtsikanayo akumupatsira.

Dzuwa litapendeka mtsikanayo anabwerera kwawo. Agogo ake anamuyalira mphasa monga amachitira ndi mlendo, nampempha malonje. Iye anafotokoza zonse, kuyambira pa thobwa mpaka pa makope a m'katoni. Atamaliza anatsegulanso kope lake nati, "Nanga inu agogo, zoti miyambi siimera ngati bowa anakuuzani ndani?" Gogoyo anaseka, namuuza kuti ayambe wasonkhezera moto, chifukwa nkhaniyo njaitali.

Adzukulu, pakhomo lililonse pali mlembi amene sanagwirepo cholembera. Mukamva mwambi pakamwa pa agogo anu, musamangofunsa tanthauzo lokha. Funsaninso amene anawauza, ndipo dzinalo mulilembe.