Mphindi zitatu zokha kumphuno kwa boti

Boti la matanga lilibe mabuleki. Pakati pa nyanja zimenezi sizidetsa nkhawa, popeza malo ndi ambiri ndipo chiwongolero chimamvera malinga ngati madzi akuthamanga m'mbali mwake. Mavuto amayamba polowa padoko, matanga atatsitsidwa, injini ikuyenda pang'onopang'ono, maboti a eni ake atandanda uku ndi uku. Liwiro likachepa chiwongolero chimagontha, mphepo n'kugwira mphuno ya boti ndi kuikankhira kumene yafuna. Ku Cape Town, kumene mphepo yochokera kumwera chakum'mawa yotchedwa Cape Doctor imawomba mwaukali m'miyezi yotentha, nthawi imeneyi amaiopa ndi akatswiri omwe. Msodzi wa pa Nyanja ya Malawi angaiyerekeze ndi mwera.

Bambo wina wa kumeneko, amene ntchito yake ndi kuyendetsa maboti a anthu ena kuchoka doko lina kupita lina, ali ndi chizolowezi chimene achinyamata amamuseka nacho. Asanamasule chingwe, amayamba waona mita ya batire. Ikaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7 batire itapuma, amadziwa kuti ndi yodzaza. Ikatsikira pa 12.2 ndiye kuti yatsala theka, ndipo tsiku limenelo sadalira makina a kumphuno.

Makinawa, amene pa Chingerezi amati bow thruster, ndi pulopela yaing'ono yokhala m'paipi yopingasa mphuno ya boti pansi pa madzi. Woyendetsa akakankha kandodo kamene kali pafupi ndi chiwongolero, mota imaponya madzi mbali imodzi, mphuno n'kusunthira mbali inayo. Makampani monga Vetus ya ku Netherlands ndi Sleipner ya ku Norway amapanga ambiri mwa makinawa. Kukula kwake ndi kochepa koma dyera lake ndi loopsa: pa boti la mamita 12, mota ya mavolti 12 imatha kukoka ma amp 400 kapena kuposerapo nthawi imodzi. Motayo imatentha msanga, kotero kuti yambiri imaloledwa kuzungulira mphindi ziwiri kapena zitatu zokha isanadzizimitse yokha. Munthu wamantha amene amakanikiza kandodo osalekeza amapeza makina atakhala chete panthawi yomwe boti la mnzake lili pamphuno.

N'chifukwa chake bamboyu amakankha kandodoko masekondi atatu kapena anayi, n'kusiya, n'kuona mmene boti layankhira. Sachoka kumanzere n'kulumphira kumanja pompo, chifukwa pulopela iyenera kuyamba yaima. Amakumbukiranso kuti mabatani ambiri amadzizimitsa akakhala mphindi zingapo osakhudzidwa, choncho amawayatsa ndi kuwayesa asanafike pakhomo la doko. Injini yaikulu imakhala ikulira nthawi yonseyi kuti alitaneta izithandiza batire.

Pa nkhani ya mawaya ndi pamene eni maboti ambiri amaumira, ndipo kuumira kwake n'kopusa. Mabatire nthawi zambiri amakhala kumbuyo pafupi ndi injini, pamene mota ili kutsogolo, mtunda wa mamita 10 kupita ndi ena 10 kubwerera. Waya akachepa, mphamvu imathera m'njira ngati madzi a mumngalande yodontha, motayo n'kulandira mavolti 9 kapena 10 okha. Pamenepo imafooka, ndipo tizitsulo ta m'swichi yake tikhoza kupsa n'kumatirirana, makina n'kumangozungulira osamvera munthu. Mankhwala ake ndi waya wonenepa ngati chala, kapena kuika batire ina kumphuno komweko, kapenanso kugwiritsa ntchito mavolti 24, amene amachepetsa ma amp ndi theka. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, pamodzi ndi swichi yaikulu yoti munthu aifikire ngakhale mumdima. Moto wa m'boti ulibe kothawira.

Chodabwitsa n'chakuti chilombochi sindicho chimamaliza batire. Ma amp 400 kwa masekondi 30 amangodya ma amp-hour atatu ndi pang'ono. Filiji yokoka ma amp 5, ikalira maola 10 pa tsiku, imadya 50. Kuwonjezera nyali, wailesi ndi makina owongolera boti okha, batire imafika padoko itatopa kale, kenaka n'kupemphedwa ntchito yolemetsa kuposa zonse. Mlimi amene ali ndi sola pakhomo amazidziwa izi: wailesi yakanema ndi mafoni a anansi zimanyambita batire usiku wonse, mmawa pampu n'kukana kudzuka. Batire ya mtovu ikamatsitsidwa kupitirira theka kawirikawiri imakalamba msanga, kaya ili m'boti kaya pakhonde.

Bamboyu amasiyanitsa mabatire. Ya injini ndi ya injini basi, sailola kuyatsa ngakhale nyali imodzi. Kukatsala ola limodzi kuti afike, amazimitsa filiji ndi kuliza injini. Ngati mita ikanabe kukwera, kandodo amakasiya: amauza mnzake apachike zotchingira m'mbali mwa boti, amange chingwe pakati pake n'kuchikola pamlatho wa doko, iye n'kukankha injini pang'ono mpaka boti litatsamira lokha pamalo ake.